Chiliza chomwe chinayambanitsa Shaolin ndi Wudang

M'nthano za ku China za akatswiri a nkhonya ndi malupanga, zomwe eni ake amazitcha wuxia, mumakhala magulu ambirimbiri: la Emei, la Kunlun, la Huashan, ngakhalenso la opemphapempha, lomwe mtsogoleri wake amayenda ndi ndodo yokwapulira agalu. Koma akuluakulu a onsewa ndi awiri. A Shaolin ndi amonke achibuda ometa mpala, a nkhonya zolemera. A Wudang ndi ansembe a chipembedzo cha Dao, omanga tsitsi pakati pa mutu, odziwa lupanga ndi mayendedwe ofewa. Ngakhale atakhala mbali imodzi pankhondo, amayang'anana ndi diso la nkhwezule.

Malo onse awiriwa alipodi. Kachisi wa Shaolin ali paphiri la Song m'chigawo cha Henan, ndipo mfumu Xiaowen inamangira mmonke wochokera ku India, dzina lake Batuo, kachisiyu cha m'ma 495. Mu 621 amonke 13 anathandiza Li Shimin, yemwe pambuyo pake anadzakhala mfumu ya ufumu wa Tang, polimbana ndi mkulu wa asilikali Wang Shichong, yemwe ankalimbirana naye ufumu, ndipo nkhaniyi inazokotedwa pamwala mu 728. Mu 1553 amonke anapita kugombe kukathira nkhondo achifwamba a panyanja. Nthawi imeneyo chida chomwe ankatchuka nacho chinali ndodo. Wudang ndi mapiri a m'chigawo cha Hubei, komwe mfumu Yongle ya ufumu wa Ming inayamba kumangitsa akachisi aakulu mu 1412. Mbiri yolembedwa simatchula nkhondo iliyonse yomwe malo awiriwa anamenyana.

Udaniwu unabadwira pamaliro. Mu 1669, kufupi ndi mzinda wa Ningbo, kunamwalira mkulu wina wotchedwa Wang Zhengnan. Anali msilikali wa ufumu wa Ming, ndipo a Manchu ochokera kumpoto atalanda Beijing mu 1644 n'kuyamba ufumu wa Qing, iye anakana kuwagwirira ntchito. Anasiya kudya nyama, n'kumakhala moyo wa umphawi mpaka imfa. Amene analemba mawu a pachiliza chake anali Huang Zongxi, munthu wophunzira kwambiri, yemwenso anamenya nawo nkhondo yokana a Manchu. Mwana wake, Huang Baijia, anaphunzira nkhonya kwa malemuwo.

M'mawu amenewa ndi momwe timapeza koyamba nkhonya zitagawidwa pawiri. Huang analemba kuti za Shaolin ndi zakunja, zongothamangira kumenya, kotero mdani wochenjera amapezerapo mpata. Za malemu Wang anati ndi zam'kati: munthu amadekha, wom'putayo n'kugwa yekha akangomukhudza. Mwini wake wa luso limeneli, anatero Huang, anali Zhang Sanfeng wa ku Wudang. Akuti mfumu Huizong inamuitana, koma njira inali itatsekedwa ndi achifwamba. Usiku analota mulungu Xuanwu akumuphunzitsa nkhonya, ndipo kutacha anapha achifwamba oposa 100 ali yekha.

Nkhaniyi ikutsimphina. Huizong analamulira kuyambira 1100 mpaka 1126, pomwe Zhang Sanfeng wa m'mabuku ena ndi uja mfumu Yongle inkatumiza anthu kukamufunafuna m'mapiri patatha zaka pafupifupi 300, osamupeza. Huang sanali munthu wosadziwa mbiri ya dziko lake. N'chifukwa chake akatswiri ena a mbiri amati ankaphiphiritsa, ndipo ine ndikugwirizana nawo. Chibuda chinachokera kunja, ku India, monganso a Manchu anachokera kunja kwa malire. Dao ndi chipembedzo cha pakhomo. M'dziko lomwe amuna onse anakakamizidwa kumeta kutsogolo kwa mutu n'kuluka tsitsi la kumbuyo ngati a Manchu, wokana n'kuphedwa, munthu sakanalemba poyera kuti eni dziko adzagonjetsa obwera. Koma akanatha kulemba kuti wodekha wam'kati amagwetsa waphuma wakunja. Mawuwo ndimawamva ngati kulira kwa munthu amene analandidwa dziko, akuika m'manda mnzake yemwe sanagwade.

Olemba nthano anaitola nkhaniyo n'kuithira mchere. Chakumapeto kwa ufumu wa Qing kunatuluka nthano zomwe a Wudang amathandiza boma kuwononga kachisi wina wa Shaolin wa kummwera, ku Fujian, ndipo mafilimu ambiri a ku Hong Kong anadzamera pamenepo. Zinafika mpaka m'boma: sukulu yaikulu ya luso lomenya yomwe inatsegulidwa ku Nanjing mu 1928 inagawidwa m'nthambi ziwiri, ya Shaolin ndi ya Wudang, ndipo mpikisano wa aphunzitsi a mbali ziwirizi unavuta mpaka kugawako kunathetsedwa. M'chaka chomwecho kachisi weniweni wa Shaolin anatenthedwa, ndipo wotentha anali mkulu wa asilikali Shi Yousan, pa nkhondo zake zolimbirana madera. Mu 1930 wofufuza wina, Tang Hao, anatulutsa buku lotsutsa nthano zoti mmonke wachibuda wakalekale, Bodhidharma, ndiye anayambitsa nkhonya za Shaolin ndi zoti Zhang Sanfeng ndiye anayambitsa tai chi, luso lomenya la mayendedwe ofewa. Kafukufuku wake wa komwe tai chi inayambira anamufikitsa kumudzi wa Chenjiagou, ku Henan komweko, kubanja la Chen. Anthu ambiri anapitiriza kukonda Zhang Sanfeng.

Amene anamupatsa nkhope yomwe anthu amaidziwa lero ndi Jin Yong, mtolankhani wa ku Hong Kong yemwe ankasindikiza nthano zake pang'onopang'ono m'nyuzipepala yake ya Ming Pao. Mu nthano yomwe anayamba mu 1961, The Heaven Sword and Dragon Saber, Zhang ndi kamnyamata kotumikira mmonke wosunga mabuku ku Shaolin. Amamuganizira kuti waba luso la pakachisi, iye n'kuthawa, n'kukayambitsa gulu lake ku Wudang. Apa Jin Yong anachita mwanzeru, chifukwa anasandutsa mkanganowo kukhala wa pachibale, ndipo wa pachibale ndiwo umapweteka.

Pali pena m'bukumo pomwe sindipaiwala. Zhang ali ndi zaka zoposa 100, dziko lonse likumulemekeza, koma kamwana ka wophunzira wake yemwe anamwalira, Zhang Wuji, kakufa pang'onopang'ono ndi kuzizira komwe kanalowetsedwa m'thupi pomenyedwa ndi mdani. Mankhwala ake ndi luso lomwe gawo lina lili ku Shaolin. Nkhalambayo ikutenga mwanayo ulendo wautali, n'kukadzichepetsa pamaso pa amonke aang'ono kwa iye, ikulonjeza kuwapatsa zonse zomwe ikudziwa kuti asinthane. Amonkewo akuilandirira panja, osailowetsa m'kachisi, n'kuiuza kuti palibe chosinthana popeza zonse zomwe ili nazo zinachokera kwa iwo. Zhang akutsika phiri ndi mwana wodwalayo popanda thandizo lililonse, ndipo samenya aliyense, ngakhale kuti pakachisi ponsepo panalibe woti n'kulimbana naye.