Kanjira ka ku Hayfield ndi mlandu wa mu 1932

Hayfield ndi mudzi waung'ono m'chigawo cha Derbyshire ku England, kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda wa Manchester. Mlendo akafika n'kunena kuti akufuna kungowongolako miyendo, amamulozera njira ya Sett Valley Trail, yomwe imatsata mtsinje wa Sett mpaka ku New Mills, mtunda wa makilomita 4. Njirayi ilibe zitunda chifukwa kale munkadutsa sitima. Njanji inafika ku Hayfield mu 1868 ndipo inatsekedwa mu 1970. Atazula zitsulo panatsala msewu wosalala umene lero agogo amayendamo ndi adzukulu awo, ena ali pa njinga, ena pa hatchi.

Kum'mawa kwa mudziwo kuli kanjira kena kokwera pang'onopang'ono kulowera ku damu la Kinder. Musanafike ku damulo, pa Bowden Bridge, pali malo oimikapo magalimoto pomwe kale ankaphwanyapo miyala, ndipo pathanthwe anakhomapo chikwangwani chachitsulo. Nkhani yake inayambira pa njanji ija.

M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, sitima za Lamlungu zinkadzaza ndi achinyamata ochokera ku Manchester. Ambiri ankagwira ntchito m'mafakitale a nsalu ndi zitsulo, ena ntchito inali itawathera. Sabata yonse ankapuma utsi, choncho tsiku limodzi lopumalo ankafuna mphepo ya kumapiri. Akatsika ku Hayfield, phiri la Kinder Scout, lotalika mamita 636, linkaoneka pafupi pomwepo, koma pamwamba pake samaloledwa kuponda. M'zaka za m'ma 1830 malo amene anthu a m'mudzi ankadyetsako ziweto momasuka anagawidwa kwa eni minda, ndipo patapita nthawi eni akewo anawasandutsa osakirako mbalame yotchedwa grouse, yofanana ndi nkhwali. Nyengo yosaka imayamba pa 12 Ogasiti, ndipo mfuti zinkalira masiku owerengeka chabe pachaka. Masiku ena onsewo phiri linkangokhala ndi nkhosa, mbalame ndi alonda onyamula ndodo.

Sikuti panalibe amene ankalimbana nazo. Bungwe lina loteteza tinjira ta anthu oyenda pansi, lomwe linakhazikitsidwa mu 1894, linakambirana ndi eni malo mpaka mu 1897 linatsegulitsa njira ya Snake Path, yochokera ku Hayfield kudutsa m'mbali mwa phirilo. Lamulo la ku England limati njira imene anthu akhala akudutsamo kuyambira kale imakhala ya aliyense, ngakhale ikudula pakati pa munda wa munthu. Koma ufuluwo unkathera m'mphepete mwa kanjirako. Ukangopatuka pang'ono, mlonda wafika.

Pa Isitala wa 1932, anyamata a bungwe la British Workers' Sports Federation anabwezedwa ndi alonda pa phiri loyandikana nalo la Bleaklow. Anabwerera mitima ili m'mwamba, n'kugwirizana kuti ulendo wina adzabwera ambiri moti alonda adzasowa wogwira. Pa 24 Epulo, tsiku Lamlungu, anthu pafupifupi 400 anasonkhana pamalo ophwanyira miyala paja. Amene anakwera pathanthwe n'kuwalankhula anali Benny Rothman, mnyamata wa zaka 20, makaniko wa galimoto komanso wa chipani cha Komyunisiti. Anakwera kudzera m'chigwa cha William Clough akuimba, kenako anapatuka m'njira yololedwa n'kulunjika kumtunda. Kumeneko anakumana ndi alonda, panabuka kukankhana, ndodo zinagwira ntchito, mlonda mmodzi anavulala. Atafika pamwamba anapezana ndi anzawo ochokera ku Sheffield, anapatsana moni, n'kuyamba kutsika.

Apolisi ankawadikirira pobwerera ku Hayfield, ndipo onse amene anagwidwa tsikulo anali 6. Chovuta kwa boma chinali chakuti kungoponda pamalo a munthu wina si mlandu wotsekeretsa munthu m'ndende ku England. Choncho anawazenga mlandu wochita chipolowe ndi kumenya. Khoti la ku Derby linamasula mmodzi, asanu linawapatsa zilango zoyambira miyezi iwiri mpaka 6. Rothman anakhala m'ndende miyezi inayi.

Ine ndimaona kuti chigamulo chimenechi n'chimene chinakuza nkhani kuposa ulendo weniweniwo. Mabungwe akuluakulu a anthu oyenda m'mapiri sanagwirizane ndi zimene anyamatawo anachita. Ankati akusokoneza zokambirana zomwe zinatenga zaka zambiri, ndipo ena sankafuna n'komwe kuyandikana ndi Akomyunisiti. Koma kutsekera ana a anthu chifukwa chokwera phiri kunanyansa ngakhale omwe ankawadzudzula. Mpaka pano olemba mbiri amatsutsana: ena amati tsiku la pa Kinder ndilo linatsegula mapiri, ena amati ulemu upite kwa amene ankalemba makalata ndi kuvutitsa aphungu chaka ndi chaka. Mutu umodzi susenza denga, koma dzina limene anthu amalikumbukira ndi la amene anagona m'ndende.

Kusintha kunabwera mwapang'onopang'ono kwambiri. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la 1949 lokhudza malo achilengedwe otetezedwa, lomwe linalamulanso makhonsolo kujambula pamapu tinjira tonse ta anthu. Mu 1951 dera la Peak District, momwe muli Kinder Scout, linakhala paki yoyamba ya dziko. Njira yaitali ya Pennine Way, yoyambira ku Edale tsidya lina la phirilo n'kukathera ku Kirk Yetholm ku Scotland, inatsegulidwa pa 24 Epulo 1965. Mu 1982 bungwe la National Trust, losamalira malo achilengedwe ndi akale, linagula Kinder Scout. Ufulu woyenda paliponse pamapiri ndi m'malo osalimidwa unalembedwa m'lamulo mu 2000, patatha zaka 68, ndipo umangokhudza pafupifupi magawo 8 pa 100 alionse a nthaka ya England. Nkhalango zambiri ndi magombe a mitsinje sizinalowemo, n'chifukwa chake mkanganowu sunazilale. Ku Scotland lamulo la 2003 linapereka ufulu waukulu kuposa pamenepa.

Mu Epulo 2002 anthu anasonkhananso pa Bowden Bridge kukumbukira kuti patha zaka 70. Pakati pa olankhula panali Andrew Cavendish, Duke wa Devonshire (udindo waulemu wobadwa nawo), mdzukulu wa Duke amene anali ndi malo ndi alonda m'derali mu 1932. Anaima pagulu n'kupepesa chifukwa cha zimene agogo ake anachita. Rothman sanamve nawo mawuwo, anali atamwalira mu Januwale chaka chomwecho ali ndi zaka 90.