Amondi okazinga: mchere uyambe walowa m'madzi

Amondi (almonds pa Chingerezi) amene mumawaona m'timapaketi m'masitolo akuluakulu a mu Chipata salimidwa kuno. Pafupifupi 80 peresenti ya amondi a padziko lonse imachokera ku California, ku America, n'chifukwa chake mtengo wake umaluma. Munthu akagula osakazinga n'kufika nawo kunyumba, amawathira m'chiwaya monga amachitira ndi nshawa, kenaka n'kudabwa kuti kunja apserera koma m'kati ndi aawisi, ndipo mchere wonse watsalira pansi pa mbale. Pa ntchito yanga yophunzitsa kakonzedwe ka zakudya, dandaulo limeneli ndimalimva kawirikawiri, ndipo gwero lake ndi kusiyana kwa mbewu ziwirizi.

Njere ya amondi ndi yolimba komanso yokhuthala kuposa ya nshawa, ngakhale ya Chalimbana yomwe timanyadira kukula kwake kuno kum'mawa. Kutentha kumachedwa kufika pakati. Pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mafuta, ndipo mafutawo akatentha amasunga moto, kotero amondi amapitiriza kupsa ngakhale mutawaphula. Mukadikira kuti aoneke opsa ali pamoto, ndiye kuti mwachedwa kale. Kusiyana kwina kuli pa khungu. La nshawa limauma n'kusupuka mukangofikisa, koma la amondi limakakamira ndipo lili ndi timizere. Kwa wofuna kuthira zokometsera zimenezi n'zabwino, chifukwa tsabola kapena shuga amapeza pogwira.

Komabe mchere wouma sumamatira pa njere youma. Amayi ogulitsa nshawa zamchere ku msika wa Kapata amadziwa zimenezi kuyambira kale. Iwo amasungunula mchere m'timadzi n'kuwaza m'chiwaya nshawa zili pafupi kupsa, madzi aja n'kuuma, mchere n'kutsala woyera pa khungu. Pa amondi njira imeneyi ndi imene ndimaiika patsogolo. Pa makapu 2 a amondi, sungunulani supuni yaing'ono imodzi ya mchere m'masupuni aakulu 2 a madzi otentha, muthire pa amondi osakazinga, mutakase mpaka onse anyowe, kenaka muwasiye mphindi 10. Mchere umalowa m'khungu, ndipo simufunika wambiri chifukwa lilime limayamba kukumana nawo.

Mu uvuni, ayaleni pa thireyi osasanjikiza, pa madigiri 150, kwa mphindi 15 mpaka 20, ndipo muwatembenuze pakati pa nthawiyo. Ena amakweza mpaka 200 kuti afulumire. Sindivomereza, chifukwa pamenepo khungu limawawa m'kati musanasinthe. Kuti mudziwe ngati apsa, musadalire mtundu wa kunja, poti khungu lake ndi lofiirira kale. Thyolani njere imodzi. M'kati mukachoka kuyera n'kuyamba kufiirira pang'ono, phulani. Musadandaule mukaona kuti akadali ofewa, amondi otentha amatero, amalimba akamazizira.

Magetsi akathima, kapena ngati mulibe uvuni, mbaula imagwira bwino ntchito, bola mudekhe. Dikirani makala ayambe kuchita phulusa pamwamba, lawi lithe. Tengani mphika wokhuthala pansi, osati kachiwaya kopyapyala, ndipo mthiko usachoke m'dzanja. Amene anazolowera kukazinga nshawa mu mchenga wotsuka bwino angachite chimodzimodzi, chifukwa mchenga umazinga njere yonse ndi kutentha kofanana. Kungoti pamenepo amondi muwakazinge opanda kanthu, musefe mchenga, zokometsera zibwere pambuyo.

Zokometsera ndiye pamene anthu ambiri amataya ndalama. Ufa wa adyo, wa tsabola ndi wa paprika umapserera msanga kuposa amondi, ndipo ukapserera umawawa. Choncho ngati mukufuna oyabwa, kazingani ndi mchere wokha, muphule, muthire supuni yaing'ono ya mafuta ophikira adakali otentha, kenaka tsabola, adyo kapena masala amene mungapeze m'masitolo a ku Down Shops. Mafutawo ndi amene amagwira ufawo n'kutulutsa fungo lake. Musachulutse, apo ayi zala zidzachita noninoni ndipo amondi sadzachedwa kufewa. Madzi a ndimu nawo amakoma ndi tsabola, koma muwasakanize ndi madzi amchere aja poyamba, kuti aumire pamoto.

Otsekemera amafuna njira ina. Tengani choyera cha dzira limodzi, muchimenye ndi foloko mpaka chichite thovu, musakanize ndi makapu 2 kapena 3 a amondi, kenaka muthire masupuni aakulu 4 a shuga, supuni yaing'ono ya sinamoni ndi kamchere kotsina. Dzira likauma limasanduka kachikhungu kopyapyala kogwira shuga. Apa moto utsike kufika pa madigiri 130 kapena 140, nthawi italike mpaka mphindi 30 kapena kupitirira, mukutakasa mphindi 10 zilizonse. Uchi umakoma, koma ndi wovuta: umapserera msanga kuposa shuga ndipo umayamwa chinyezi cha mumphepo. Ngati mwaukonda, uthireni m'mphindi 5 zomaliza, ndipo amondi otero mudye msanga, makamaka m'dzinja mvula ikugwa.

Zonsezi zimathekanso pa nshawa, ndipo kunena zoona, pa mtengo wake nshawa siziluza mpikisanowu. Zomanga thupi zilimo zambiri kuposa mu amondi, ngakhale amondi amaposa pa vitamini E ndi kashiamu. Kungoti pa nshawa muyambe mwakazinga, kufikisa ndi kupeta m'lichero, kenaka muthire mafuta ndi zokometsera, apo ayi tsabola yense adzauluka pamodzi ndi makoko. Chenjezo limene sindingalisiye ndi la chuku. Nshawa zonyala, zakuda kapena zowawa zimatha kukhala ndi poizoni wa aflatoxin yemwe amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Sankhani musanaike pamoto, zoipazo mutaye, musapatse ngakhale nkhuku. Amondi nawonso mukatsegula paketi n'kumva fungo la mafuta okhalitsa, palibe chokometsera chimene chingawakonze.

Mukaphula, ayaleni pa thireyi ina yozizira kapena m'lichero, ndipo musavundikire. Amondi ofunda akatsekeredwa m'botolo amatulutsa nthunzi, nthunziyo n'kubwerera momwemo, m'mawa mwake mudzapeza afewa. Apatseni ola lathunthu. Kenaka botolo lagalasi louma, lotseka bwino, pamalo pamthunzi. Amchere amakhala bwino milungu 2 kapena 3, koma m'kutentha kwa mu Okutobala ndi bwino kukazinga ochepa, kapena kusunga mu firiji. Ana osakwana zaka 5 musawapatse njere zathunthu chifukwa zimatsamwitsa, muwasinjire n'kuthira m'phala. Ndipo pali anthu ena amene thupi lawo siligwirizana ndi amondi kapena nshawa, amatupa milomo ndi kubanika, choncho mlendo muyambe mwamufunsa musanamuikire mbale patsogolo.